Kodi mawu akuti “steel shot” pa bokosi la zipolopolo za abakha akutanthauza chiyani?

Funso

Bambo katswiri, ndine mlimi wa mpunga kudambo lina kufupi ndi Lundazi. Ndili ndi chifefe cha mipope iwiri chimene anandisiyira malemu atate anga, ndipo mapepala ake anasinthidwa kale kukhala m'dzina langa. Nditapita ku Lusaka mwezi watha ndinagula bokosi la zipolopolo, ndipo wogulitsa anandiuza kuti ndizo zoyenera abakha am'tchire ndi atsekwe. Nditafika kunyumba ndinaona kuti pabokosipo palembedwa “Steel Shot”, “Waterfowl”, “12/76” ndi “No. 3”, mawu amene sindinawaonepo pa zipolopolo zimene atate ankagula. Anzanga ena akuti izi ndi zipolopolo zachitsulo zophera njati, ena akuti zidzang'amba mfuti. Kodi mawuwa akutanthauza chiyani, nanga ndiziwombere kapena ndizibweze?

Yankho

Bambo, mtima ukhale m'malo. Wogulitsayo sanakunamizeni, ndipo simunagule zipolopolo za njati. Zimene zili m'bokosimo zinapangidwiradi mbalame za m'madzi, ndipo ndizo mawu akuti “waterfowl” akunena: abakha, atsekwe ndi zinzawo zokhala m'madambo ndi m'mathamanda. Komabe mwachita bwino kufunsa musanawombere, chifukwa anzanu amene akunena za kuwonongeka kwa mfuti sanaphonye kwenikweni, ngakhale kuti chimene iwo akuchiopa sindicho chachikulu. Pa zonse zolembedwa pabokosi lanu, chimene chikundidetsa nkhawa koposa ndi nambala ija ya 76, ndipo ndikupemphani kuti zipolopolozo zikhale chitsekere mpaka mutayang'ana zimene zinadindidwa pansi pa mipope ya mfuti yanu.

Chipolopolo cha chifefe n'chosiyana ndi cha mfuti yaikulu yophera nyama, chimene chimatulutsa mutu umodzi wolemera. M'chikhungwa chake cha pulasitiki muli onga kumunsi, pamwamba pa ongawo pali kakapu ka pulasitiki, ndipo m'kakapumo muli njere zozungulira zoposa 100 zomwe zimamwazika zikatuluka kumlomo kwa mfuti. Njere zimenezi ndizo Angerezi amazitcha “shot”. Kwa zaka mazana ambiri zinkapangidwa ndi mtovu wokhawokha, kotero panalibe chifukwa chozilembera pabokosi, ndipo n'chifukwa chake simunaone mawu otere pa zipolopolo za atate anu. “Steel shot” ndiye kuti njerezo n'zachitsulo m'malo mwa mtovu. Chitsulo chake n'chofewetsedwa pamoto mwadala kuti chisakande mpope, ndipo sichifanana ndi timipira tolimba ta m'magudumu a njinga, ngakhale kuti poyerekeza ndi mtovu chimakhalabe cholimba kangapo.

Pa mabokosi ena mudzaona mawu akuti “lead free” kapena “non-toxic”. Amenewa ndi mawu otambalala, ophatikiza njere zilizonse zopanda mtovu, kaya n'zachitsulo kapena za zitsulo zamitundu ina zotchedwa bismuth ndi tungsten. Ngati chipolopolo chatayana ndi bokosi lake ndipo zilembo zafufutika, ikani maginito kutsogolo kwake kumene kuli njere: chitsulo chimakoka, mtovu ndi bismuth sizikoka. Musayese kutako kwa chipolopolo, chifukwa ngakhale kumawala ngati mkuwa, nthawi zambiri kumakhala kwachitsulo chokutidwa, ndipo maginito amamatira pamenepo ngakhale njere zili za mtovu.

Chimene chinachititsa kuti opanga asiye mtovu ndi nkhani ya m'dambo momwemo. Mlenje akawombera bakha mmodzi, njere zochepa zokha ndizo zimagunda mbalameyo, zotsala zonse zimagwera m'madzi ndi kukhazikika m'matope, ndipo mtovu suola. Bakha alibe mano. Amameza timiyala ndi mchenga kuti nthutumba yake ipere mbewu zimene wadya, monga mphero iperera mapira. Akamafwefwenya m'matope sasiyanitsa kamwala ndi njere ya mtovu, ndipo ikalowa m'nthutumba imaperedwa pang'onopang'ono, kusungunuka ndi kulowa m'magazi. Mbalame yotere imaonda mpaka fupa la pachifuwa kuonekera, mapiko amalendewera, zitosi zimakhala zobiriwira ndi zamadzi, ndipo imakafera m'bango patapita milungu iwiri kapena itatu popanda woiona. Njere imodzi yokha ikhoza kupha bakha. Poizoniyo sathera pomwepo, chifukwa nkhwazi, miimba ndi mbalame zina zodya nyama zimatola abakha odwala kapena ovulala, ndipo zimameza mtovu womwewo.

Katswiri wina wa ku Illinois, Frank Bellrose, anasindikiza kafukufuku wake mu 1959 wosonyeza kuti chaka chilichonse mbalame ziwiri kapena zitatu pa 100 zilizonse za m'madzi ku North America zinkafa ndi mtovu womeza. Panapita zaka zambiri za mikangano pakati pa alenje, opanga zipolopolo ndi boma, mpaka mu 1991 dziko la United States linaletsa njere za mtovu posaka mbalame za m'madzi m'dziko lonse. Canada inatsatira mu 1999, Denmark inali italetsa kale njere za mtovu pa ulenje wamtundu uliwonse mu 1996, ndipo mayiko a European Union anaziletsa m'madambo ndi m'mbali mwake kuyambira mu February 2023. Pangano la AEWA la 1995, loteteza mbalame za m'madzi zosamukasamuka pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia, nalonso limalimbikitsa mayiko kusiya mtovu m'madambo. Popeza mafakitale ambiri a zipolopolo ali m'mayiko amenewa, mabokosi olembedwa “steel” adzachulukirachulukira m'masitolo athu.

Ife a ku Zambia sitifunika kuphunzitsidwa ndi akunja za kuipa kwa mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosavulaza. Zoona, dambo limene mlenje mmodzi amawomberamo kangapo pachaka silifanana ndi malo a ku America kumene alenje mazanamazana anawomberamo kwa mibadwo. Koma inu mukunena za munda wa mpunga, kumene madzi ndi osaya, mbalame zimadya pansi, ndipo abakha ndi nkhuku za pamudzi zimapita kukatola zotsala mukakolola. Kwa ine, ngati mfuti ikulola, chitsulo ndicho choyenera pamalo otere. Palinso nkhani ya m'mbale: njere ya mtovu ikagunda fupa imasiya tizidutswa tosaoneka m'nyama, ndipo kuphika ndi tomato kapena viniga kumathandizira kuti tisungunuke. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo amavulala msanga ndi mtovu.

Chitsulo chili ndi vuto lake, ndilo kupepuka. Kulemera kwa mtovu ndi magalamu 11.3 pa kyubiki sentimita, pamene chitsulo ndi pafupifupi 7.8, bismuth ali pakati, cha m'ma 9.7, ndipo zosakaniza zina za tungsten zimafika 18. Njere yopepuka imataya liwiro msanga mumphepo, choncho ikafika patali imalephera kuboola nthenga ndi mnofu. Opanga amathetsa vutoli m'njira ziwiri: amawonjezera liwiro, ndiponso amakulitsa njere. Alenje anazolowera kunena kuti posintha kuchoka ku mtovu kupita ku chitsulo ukwere masitepe awiri, kutanthauza kuti amene ankagwiritsa ntchito No. 5 ya mtovu atenge No. 3 ya chitsulo. Manambala amenewa amayenda chambuyo, nambala ikachepa njere imakula. Pa muyeso wa ku America No. 6 ndi mamilimita 2.8, No. 4 ndi 3.3, No. 2 ndi 3.8, ndipo BB ndi 4.6. Muyeso wa ku Britain, umene akuluakulu athu anazolowera ndi njere zawo zikuluzikulu zotchedwa AAA ndi SSG, umasiyanako pang'ono, chifukwa No. 6 yawo ndi mamilimita 2.6. N'chifukwa chake ndimalangiza anthu kuti aziwerenga mamilimita ngati alembedwa pabokosi, m'malo modalira nambala yokha.

No. 3 yanuyo, ya mamilimita pafupifupi 3.5, ndi yoyenera abakha aang'ono oimba mluzu aja a nkhope yoyera ndi abakha ena apakati. Tsekwe wamkulu wakuda wa minga m'mapiko, amene wamphongo wake amatha kupitirira makilogalamu 6, amafuna No. 1 kapena BB, ndipo ngakhale pamenepo ayenera kukhala pafupi. Pa zaka zimene ndaperekeza alenje m'madambo, ndaona kuti mbalame zambiri zovulala zothawa ndi njere m'thupi zimachokera ku kuwombera patali, osati ku mtundu wa njere. Ndi chitsulo musapitirire mamita 30 kapena 35. Anthu ambiri amaganiza kuti amadziwa kuyeza mtunda ndi maso, koma pamwamba pa madzi diso limanama. Yendani mapazi aatali 35 kuchokera pamene mumabisala, zikani bango pamenepo, ndipo mbalame imene ili kuseri kwa bangolo muisiye ipite.

Tsopano tibwere ku mfuti yanu, kumene kuli nkhani yeniyeni. Nambala 12 ikunena kukula kwa mpope, pafupifupi mamilimita 18.5 m'kati, ndipo ngati chifefe chanu ndi cha 12 pamenepo palibe vuto. Nambala 76 ikunena kutalika kwa chikhungwa m'mamilimita, mainchesi atatu, ndipo muyeso umenewu ndi wa chikhungwa chitatseguka kale pambuyo powombera. Apa ndi pamene anthu amakodwa. Chipolopolo cha 76 chisanawombedwe chimakhala chachifupi chifukwa kutsogolo kwake n'kopindidwa, kotero chimalowa bwinobwino m'chipinda, malo a kumbuyo kwa mpope olowetsamo chipolopolo, ngakhale chili cha mamilimita 70, mfuti n'kutsekeka popanda chokanika, mwiniwake n'kuganiza kuti zagwirizana. Pakuwombera, chopindidwa chija chimasowa malo otambasukira, chimalowa pamene mpope wayamba kupanikiza, ndipo mphamvu ya onga imakwera kupitirira imene mfutiyo inayesedwera. Zifefe zambiri zakale zimene zili m'midzi yathu zili ndi chipinda cha mamilimita 70, ndipo zina zakale kwambiri zochokera ku Britain ndi za 65. Chipolopolo chachifupi m'chipinda chachitali chilibe vuto, koma chachitali m'chipinda chachifupi musayese ngakhale kamodzi.

Kuti mudziwe, tsimikizani kuti mfuti ilibe kanthu, chotsani kathabwa kakutsogolo, gulutsani mipope, ndipo yang'anani pamalo athyathyathya a kunsi kwake. Mudzapeza 65, 70 kapena 76, kapena 2½, 2¾ kapena 3 ngati analemba m'mainchesi. Pomwepo yang'ananinso chizindikiro cha kaduwa ka masamba atatu chotchedwa fleur-de-lys. Bungwe la CIP, limene limayang'anira kuyesa mfuti m'mayiko ambiri a ku Ulaya, linagawa zipolopolo zachitsulo m'magulu awiri. La “standard steel” lili ndi njere zosapitirira mamilimita 3.25 pa mfuti ya 12, ndipo likhoza kuwombedwa m'mfuti yolimba yoyesedwera onga wamakono. La “high performance steel” limafuna mfuti yokhala ndi kaduwa kaja. Bokosi la 76 lokhala ndi No. 3 lili m'gulu lachiwirili, ndipo mfuti imene inapangidwa zaka za atate anu n'zokayikitsa kuti ili ndi chizindikirocho.

Chinanso ndi kupanikiza kwa kumlomo kwa mpope, kumene amakutcha choke. Mipope ya chifefe imachepa pang'ono kumapeto kuti njere zisamwazike msanga. Mtovu ukafika pamenepo umafinyika ndi kudutsa, koma chitsulo sichifinyika, kotero chimakankha khoma la mpope, ndipo pa mfuti ya choke chothina kwambiri pamatuluka kachotupa kozungulira pafupi ndi mlomo. Pa mfuti ya mpope umodzi wochindikala, monga Baikal zambiri za ku Russia, kachotupako mwina kangangoipitsa maonekedwe. Pa ya mipope iwiri ngati yanu vuto ndi lalikulu, chifukwa makoma ake ndi opyapyala ndipo mipopeyo inalumikizidwa ndi mtovu wowotcherera, kotero kutupa kumatha kuilekanitsa. Nthawi zambiri mpope wakumanzere ndiwo umakhala wothina kwambiri. Ndi chitsulo musapitirire choke cha theka, chothina mwapakatikati, ndipo simutayapo kanthu, chifukwa njere zachitsulo siziphwanyika ndipo mwachibadwa zimayenda mothithikana kuposa za mtovu. Mukaona kuti mipope ili ndi mizere yopotana ngati maluwa pachitsulo chake, imeneyo ndi ya Damascus, ndipo musaikemo chitsulo kapena chipolopolo chilichonse chamakono mpaka itayesedwa.

Yankho langa pa funso lanu lomaliza ndi lakuti ngati pansi pa mipope simunapeze 76 pamodzi ndi kaduwa kaja, bwezani bokosilo kwa wogulitsa yemweyo, mutanyamula laisensi yanu, ndipo mupemphe kusinthitsa. Musaligulitse kapena kulipereka kwa mnzanu wa pamudzi, chifukwa pansi pa lamulo la mfuti, Firearms Act Cap 110, zipolopolo zimayendera laisensi monga mfuti yomwe. Posinthitsa muli ndi njira zingapo. Ngati wokonza mfuti wapeza kuti chifefe chanu n'cholimba, chipinda ndi cha 70 ndipo choke n'chomasuka, zipolopolo za “standard steel” za 70 zokhala ndi njere zosapitirira mamilimita 3.25, monga No. 5, zikhoza kukugwirirani ntchito pa abakha apafupi. Wokonza waluso angathenso kufutukula choke chothina, ngakhale kuti chitsulo chikachotsedwa sichibwereranso, choncho ganizani kawiri pa mfuti ya chikumbutso. Bismuth ndiye woyenera kwambiri mfuti zakale chifukwa ndi wofewa pafupifupi ngati mtovu, koma mtengo wake ndi wokwera kangapo ndipo sapezeka kawirikawiri.

Mukapeza zoyenera, ziyeseni papepala musanapite kudambo. Khomani katoni yaikulu patsogolo pa chulu, jambulani bwalo la masentimita 76 m'mimba mwake, imani pa mamita 30 ndi kuwombera ndi mpope uliwonse pa katoni yakeyake. Mudzaona ngati njere zikugwa pamene mwalozetsa, ndiponso ngati pali mipata imene bakha angadutsemo osakhudzidwa.

Chitsulo chimanjanja chikagunda mwala, nthaka youma kapena pamwamba pa madzi, kuposa mmene mtovu umachitira. Musawombere mbalame imene yakhala pamadzi ngati kutsidya kuli asodzi, abusa kapena amayi ochapa, ndipo kumbukirani kuti njere zowombedwa m'mwamba zimakagwa kupitirira mamita 200. Zipolopolo zachitsulo zikanyowa, njere zimachita dzimbiri ndi kumatana kukhala chibuma chimodzi, chimene chikhoza kuwononga mpope, choncho zisungeni pouma ndipo zimene zinagwera m'madzi musazisunge mpaka chaka chamawa. Pokonza nyama fufuzani njere mosamala, chifukwa yachitsulo imathyola dzino. Ndionjezepo za chizolowezi chimene ndachiona m'midzi ya kuchigwa, chotsegula chipolopolo ndi kuikamo timipira ta njinga, misomali yodula kapena mtovu wosungunula wa m'mabatire, monga amachitira ndi gogodela. Munthu akamva kuti ku Ulaya amawombera chitsulo asaganize kuti ndi chimenechi. Cha kufakitale chimakhala chofewetsedwa ndipo chimayenda m'kakapu kochindikala koteteza mpope, pamene chodzipangira chaphulitsa mfuti zambiri ndi kudula anthu zala.

Laisensi ya mfuti si chilolezo chosaka. Lamulo la nyama zakutchire, Zambia Wildlife Act No. 14 ya 2015, limanena kuti nyama zonse zakutchire, mbalame zomwe, zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo wosaka mbalame ayenera kukhala ndi laisensi ya mbalame yochokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la nyama zakutchire la ZAWA mu 2016. Pitani ku ofesi yawo imene ili pafupi nanu mukafunse mitundu yololedwa, miyezi yake ndi malo ake, makamaka ngati munda wanu uli m'dera loyang'aniridwa ngati Lumimba kapena Lupande. M'mapaki monga Lukusuzi, Luambe ndi South Luangwa mulibe kusaka kwa mtundu uliwonse, ndipo zigwa za Luangwa zinalembedwa mu 2007 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ngati cholinga chanu chachikulu n'kuteteza mpunga, ndikuuzeni mosabisa kuti mfuti imathandiza pang'ono. Atsekwe amadya kwambiri m'mbandakucha, madzulo ndi usiku wa mwezi, ndipo kulondera, kumanga zingwe za zitini ndi nsalu zouluzika, komanso kubzala nthawi imodzi ndi anansi kuti mbalame zisaunjikane pamunda umodzi, kumapulumutsa mpunga wambiri kuposa bokosi la zipolopolo.

Wokonza mfuti wovomerezeka muyenera kumuona ngati zilembo za pansi pa mipope zafufutika, ngati m'kati mwa mpope muli maenje a dzimbiri kapena potupa, ngati mfuti ikugwedera ikatsekedwa, kapena ngati chikhungwa chowombedwa chikutuluka chong'ambika kukamwa. Munthu akalasidwa ndi njere, ngakhale bala lioneke laling'ono, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo auze adokotala kuti njerezo n'zachitsulo kapena za mtovu, chifukwa zachitsulo zimakokedwa ndi makina ojambulira a MRI. Mwana amene wameza njere kapena kamtovu ka mbedza, ndiponso munthu wa pabanja lodya kawirikawiri nyama yowombedwa amene akudandaula m'mimba, kudzimbidwa ndi kufooka kosatha, afunika kuyezedwa magazi. Mukapeza abakha angapo akufa kapena akulephera kuuluka padambo limodzi, musawadye ndipo musawagwire ndi manja. Ukhoza kukhala mtovu, mankhwala a m'munda amene ena amathira pa mpunga kuti aphe mbalame, kapena chimfine cha mbalame, ndipo a zaziweto a m'boma lanu ndi a nyama zakutchire ndiwo angatenge mbalamezo kukaziyeza.